Odi wa ku Beira

Kwa zaka 31 ndinaphunzitsa ana za doko la Beira ndisanapondeko phazi. Ndinkajambula mapu pa bolodi, n'kukoka mzere wa njanji kuchokera ku Limbe, kutsikira ku Nsanje, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, mpaka kukafika kunyanja yamchere. Ndinkawauza kuti tiyi ndi fodya wathu ankatulukira kumeneko, nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique isanadule njirayo m'zaka za m'ma 1980. Anawo ankalemba ndi kukhoza mayeso, osadziwa kuti madzi aakulu amene mphunzitsi wawo anawaonapo ndi a ku Mangochi basi.

M'chaka cha 2018, nditapuma kale pantchito, ine ndi mayi akunyumba tinamanga ulendo wokangoona mzindawo. Tinadzera ku Mwanza, Tete ndi Chimoio. Za msewu ndisiye, msana wanga ndiwo ungasimbe bwino.

M'mawa mwake tinapita kugombe la Macuti, kumene kuli nsanja ya nyali yolondolera sitima usiku, ndipo patsinde pake pali chigoba cha sitima chodyeka ndi dzimbiri. Kunena zoona ndinagwa ulesi. Madzi anali ofiirira chifukwa cha matope amene mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imatsanulira pamenepo, komanso anali atathawira kutali. Kuti nyanja imaphwa ndi kudzazanso kawiri patsiku chifukwa cha chikoka cha mwezi ndinkaphunzitsa chaka ndi chaka, komabe nsapato zanga ndinazisiya pamchenga ngati ndili ku Nkopola. Anazipulumutsa ndi kamnyamata kena ka asodzi madzi akubwerera.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe chinachitika madzulo ake. Woyendetsa galimoto anatitengera ku Grande Hotel, chinyumba chimene Apwitikizi anamanga m'zaka za m'ma 1950 kuti muzigona alendo olemera. Alendowo sanabwere mokwanira, ndipo mu 1963 hoteloyo inatsekedwa. Nthawi ya nkhondo munalowa anthu othawa kumidzi, ndipo pamene ife tinkafika munkakhala anthu oposa chikwi, popanda magetsi ngakhale madzi a m'mipope. Mawindo analibe magalasi, mitengo inali itamera m'makhonde a pamwamba, zovala zili yaviyavi pazingwe.

Ine, munthu amene ndinakalipira ana osawerengeka chifukwa cholowa mu ofesi osagogoda, ndinatsika galimoto kamera ili m'manja, n'kuyamba kuloza mayi wina amene ankasambitsa mwana pakhomo. Mayi akunyumba anandigwira mkono.

"Bambo, kodi mwaodira?"

Manyazi anandigwira. Owerenga anga, mlendo pa mwambo wathu salowa ngati mbuzi. Amaima kumphepete kwa bwalo, nati odi. Eni khomo akavomera amamuyalira mphasa, amamulonjera, ndipo iye amapereka malonje: kumene wachokera, amene wawasiya ndi chimene wadzera. Tsono m'Chichewa munthu woyenda kukaona malo timamutchulanso mlendo, chikhalirecho iyeyu nthawi zambiri amafika, kuona, kujambula n'kumapita, eni malo osamva ngakhale dzina la mudzi wake. Ndalama ya ulendo imamunamiza kuti zonse zimene maso ake agwerapo walipira kale. Ineyo ndinali nditaiwala kuti chimene kwa ine chinali bwinja lochititsa chidwi, kwa mayi uja panali pakhomo pake. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Akadaidziwa kamera, ndikhulupirira akadaiphatikiza pa mlomopo.

Ndinaika kamera m'thumba, n'kuodira mokweza monga timachitira kwathu. Anatuluka bambo wina wachikulire, wa imvi ngati zangazi, natipatsa kabenchi. Iye ankayankhula Chisena, ine Chichewa, ndipo tinkamvana bwino lomwe, pakuti Chisena n'chomwechi timachimva ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Nditapereka malonje, anandiuza kuti analowa m'nyumbamo ali ndi mwana mmodzi, pothawa nkhondo, ndipo adzukulu ake onse anabadwira momwemo. Anandifunsanso ngati mvula inagwa bwino kwathu, funso limene palibe wina aliyense anandifunsa paulendo wonsewo.

Potsanzikana mayi anamupatsa kathumba ka mtedza kamene tinatenga kumudzi. Iye anawomba m'manja nati, "Takhuta." Ndinadabwa, poti anali asanadyeko n'kamodzi komwe, mpaka woyendetsa galimoto anandinong'oneza kuti pa Chisena ndiye zikomo ameneyo.

Chithunzi cha pamalopo tili nacho chimodzi chokha, ndipo anapempha kuti tijambulitse ndi mkuluyo mwini. Anajambula ndi mdzukulu wake, n'chifukwa chake n'chopendekeka ndipo chipewa changa chinadulidwa. Mu Malichi 2019, wailesi italengeza kuti namondwe wa Idai wasakaza mzinda wa Beira, mayi anakachitulutsa m'kabati, nachiimika pawindo kuseri kwa wailesiyo. Chikadali pomwepo.