Napolo wa pa katoni

Anzanga, musandiseke: bambo wamkulu ngati ine ndimapanga masewera. Ndinayamba mu 2023, Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche, matope n'kukokolola nyumba kwathu ku Chilobwe. Ndinajambula phirilo pa katoni, n'kusema dayisi, malamulo n'kulemba m'kope. Mwana aliyense amasankha kukhala Kalulu, Kamba kapena Fisi. Ine ndimakamba nthano, dayisi n'kumaweruza.

Tsiku lina Napolo atatsika m'nthanomo, kamtsikana kena kanati, "Kamba wanga abwerera, akadzutse agogo." Dayisi inakana. Ndinaiphimba ndi dzanja, n'kunama kuti yalola.

Usiku womwewo ndinasintha lamulo: wobwerera kukatenga mnzake aziponya kawiri. Fotokope ya malamulowo ndagawa kale kwa makolo.

Mukanakhala inu, mukanamuuza zoona?