Ntchito yofunsa anthu mafunso

Ntchito yanga ndi ya kafukufuku wa maphunziro, ndipo masiku ano ndimaphunzitsanso achinyamata amene timayenda nawo m'midzi ndi m'masukulu. Ambiri amabwera atangomaliza ku yunivesite, akudziwa kuwerengetsera manambala pa kompyuta. Chimene amasowa ndi khutu lomva chifukwa chimene munthu wayankhira momwe wayankhiramo.

Kwathu kuno mlendo sakhumudwitsidwa. Ukatsika galimoto ya bungwe, tabuleti ili m'manja, mayi wapakhomo amakuyalira mphasa uku mumtima akudzifunsa ngati ukulemba maina a olandira thandizo. Ukawafunsa kuti, "Mayi, mwana wanu amapita kusukulu masiku onse?" adzati eya. Sikuti ndi abodza ayi. Akukulemekeza, akutetezanso mwana wawo. Ndiye ndimauza achinyamata anga kuti funso lotere alisiye. Afunse kuti, "Dzulo m'mawa mwanayu anali kuti? Nanga dzana?" Tsiku likatchulidwa, zoona zimatuluka zokha: anamutuma kuchigayo, kunali maliro, linali tsiku la msika, mtsinje unadzaza.

Chitsanzo chimene sindilephera kuwafotokozera ndi cha ku Zomba. M'zaka za 2008 ndi 2009, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anachita kafukufuku pa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Madera 176 a m'bomalo anagawidwa mwa maere. Kwina atsikana ndi makolo awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi pokhapokha mtsikanayo akamapezeka m'kalasi masiku 80 mwa 100 alionse. Kwina ankalandira popanda lamulo lililonse. Kwina sankalandira kanthu. Atsikanawo atafunsidwa okha, zinaoneka ngati ndalama zopanda lamulo ndizo zikusunga ana ambiri pasukulu. Ofufuzawo atapita kwa aphunzitsi ndi kuyang'ana m'kaundula wa m'kalasi, nkhani inatembenuka: ndalama za lamulo ndizo zinaposa pa nkhani ya sukulu. Akanangokhutira ndi yankho loyamba, dziko lonse lapansi likanamva zosiyana ndi zimene zinachitika. N'chifukwa chake ine sindikhulupirira nambala imene yachokera pakamwa pamodzi. Zimene wanena mwana ndimazifunsanso kwa mphunzitsi, zimene wanena mphunzitsi ndimaziona m'kaundula, ndipo kaundulayo ndimamuyesa powerenga ndekha mitu ya ana amene ali m'kalasi tsiku limenelo.

Maerewo ndi mbali ina imene ophunzira anga amaipeputsa poyamba. Tikafika pasukulu kudzayesa kuwerenga kwa ana a Sitandade 2, aphunzitsi aakulu, mwa mtima wabwino, amafuna kutipatsa ana ochangamuka. Timawathokoza, kenaka timapempha kaundula n'kusankha ana mwa maere iwo akuona. Wogula chimanga sakhutira ndi cha pamwamba pa thumba, amapisa dzanja mpaka m'kati. Mayeso amene timagwiritsa ntchito, a mtundu wa EGRA amene anachitika m'dziko muno mu 2010, ndi osavuta kuwafotokoza: mwana amapatsidwa pepala la malembo, maphatikizo kapena kankhani, ndipo timawerenga zimene watchula molondola m'mphindi imodzi. Chovuta ndi nkhope ya woyesa. Mwana akakakamira pa liwu, milomo yako imafuna kumunong'oneza. Ugwire mtima, umwetulire, umulozere liwu lotsatira. Ndipo mwana amene sanawerenge ngakhale liwu limodzi achoke pamenepo asakudziona ngati wolephera. Ichi ndimachiphunzitsa nthawi yaitali kuposa kagwiridwe ka wotchi.

Za chilolezo sitinyengerera. Komiti yoona za ufulu wa anthu ofunsidwa iyenera kuvomereza kafukufukuyo tisananyamuke, kenaka timadzera kwa akuluakulu a maphunziro m'boma, kwa alangizi a m'zoni, ndi kwa amfumu. Koma amfumu akalola sindiye kuti munthu aliyense walola. Aliyense timamuuza poyera kuti sitinabweretse thandizo, kuti dzina lake silidzatchulidwa, ndiponso kuti akhoza kukana.

Pali zina zimene manambala sangazigwire. Boma litachotsa fizi ya pulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Nambalayo ndi yoona, koma siikuuza mmene mphunzitsi mmodzi amaphunzitsira khamu la ana pansi pa mtengo mphepo ikuuluza mawu ake. Zimenezo umaziona utakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope, n'kumabwerera mpaka ana atasiya kukucheukira ndipo mphunzitsi wasiya kuphunzitsira iwe. Achinyamata anga ndimawauza kuti tsamba la kopelo aligawe pawiri: mbali ina alembe zimene aona ndi kumva, mbali ina zimene iwo akuganiza. Ziwirizi zisasakanikirane.

Madzulo, tisanagone, timakhala pansi kuunika mayankho onse a tsikulo. Pamene wina wadumpha funso, saloledwa kudzazamo za m'mutu mwake, ngakhale atakhala kuti yankho akuliganizira bwino. Mawa amabwerera kukhomo komweko kukapepesa ndi kufunsanso. Ngati mwini wake wakana kuyankha, timalemba kuti wakana, ndipo mu lipoti timanena kuchuluka kwa amene anakana.