Musanatumize tochi kumudzi, funsani kaye kuti khola lili pati

Abale anga a kuno ku Joni, chaka chikamapita kumapeto aliyense amakhala kalikiliki kulongedza katundu wa kumudzi, ndipo masiku ano m'chikwama simulephera kukhala tochi yotchaja. Ambiri timangolowa ku China Mall kapena ku Dragon City n'kutola yomwe pakatoni alemba nambala yaikulu kuposa zinzake. Ine ntchito yanga ndi ya ulonda, tochi ndimachezera nayo usiku wonse, ndiye ndiloleni ndiyankhulepo.

Tochi zamphamvu zili m'magulu awiri. Ina imaponya kuwala patali koma pamalo pang'ono, ina imamwaza kuwala ponseponse koma pafupi. Chomwe chimazisiyanitsa kwambiri ndi mutu wa tochiyo. Suzumirani kambale konyezimira komwe kazungulira babu. Kakakhala kakakulu, kakuya ndi kosalala, kuwala kumasonkhana pamodzi n'kupita kutali. Kakakhala kosaya, kokhakhala ngati khungu la lalanje, kuwala kumabalalika.

Nambala yomwe amatikopa nayo ija ndi ya ma lumen, ndipo imangonena kuchuluka kwa kuwala konse kotuluka m'tochi. Za mtunda siinena kanthu. Yonena za mtunda ndi candela, yomwe imayeza mphamvu ya kuwala pakatikati penipeni. Makampani odalirika amatsata muyezo wa ANSI FL1 womwe unakhazikitsidwa mu 2009, ndipo pa muyezo umenewu tochi ya candela 10,000 amailemba kuti imafika mamita 200, ya 40,000 mamita 400. Mwaona? Mphamvu ichuluke kanayi kuti mtunda ungowirikiza kawiri. Komanso mamita alembedwawo ndi pomwe kuwala kwatsala 0.25 lux, kofanana ndi kwa mwezi wathunthu. Pamwezi mumatha kuona kuti pakuyenda munthu, koma nkhope yake kapena chomwe wanyamula simungachizindikire. Ine nambala ya mamita ya pakatoni ndimaidula pakati, nthawi zina kupitirira apo.

Kuno nyumba zambiri zomwe timalondera zili m'mipanda yaitali ya njerwa, pamwamba waya wamagetsi, mkati alamu. Mwini nyumba akadina batani, galimoto ya kampani ya chitetezo imafika. Kuchoka pakhomo kukafika pageti ndi mamita 10 kapena 20 basi. Pamalo otere tochi yoponya patali ndi yosautsa. Ukaunika khoma loyera kuwala kumakubwerera m'maso, ndipo uli mkati mophethira munthu amene wabisala kuseri kwa bini, pambali pa kadontho kowalako, sukumuona. Mu 2023, magetsi akuzima maola ambiri tsiku lililonse m'dziko lino, mpaka nyale za mumsewu zili zii, anzanga amene anapindula ndi omwe anali ndi tochi yomwaza, yoonetsa yadi yonse kamodzi. Amene amafunikadi zoponya patali kuno ndi olondera m'mafamu ndi m'mayadi a mafakitale.

Kwathu ku Dedza nkhani ndi ina. Mpanda ngati ulipo ndi wa udzu. Khola la mbuzi lili apo, nkhokwe uko, dimba kumunsi. Palibe batani loti mudine. Chitetezo ndi galu, wisulo, kukuwa, anansi ndi achitetezo a m'mudzi. Galu akauwa pakati pa usiku, a malume afunika adziwe ali chiimire pakhonde ngati kukholako kuli fisi, munthu, kapena ndi mbuzi chabe yomwe yathyola mtengo. Tochi yomwaza imangowaonetsa mapazi awo ndi mtondo uli pabwalo, kwinako mdima wa ndiweyani, n'kuwakakamiza kuyandikira. Kuyandikirako ndiye ndimakana. Wakuba ziweto sabwera yekha ndipo sabwera chimanjamanja. Tochi yofika patali imapatsa munthu mpata woona ali kutali, kenaka n'kuimba wisulo. Ngakhale anansi akaona kuwala kukuthamanga m'mitengo amadziwa koti alowere.

Koma pasapitirire muyeso. Khola la pamudzi silikhala pa mtunda wa kilomita. Tochi ya candela 20,000 mpaka 30,000, yokhalanso ndi kuwala pang'ono m'mbali, yakwana. Yopyapyala kwambiri imakusiyani osaona njoka yomwe ili pamapazi. Kumbukiraninso chifunga cha kwathu m'miyezi ya June ndi July, ndi utsi wa moto wa tchire m'chilimwe. Kuwala koyera mbee, kopita kubuluu, kumathobwa m'maso kukagunda chifunga. Kofiirira pang'ono, komwe amalemba 4000K kapena 5000K, maso amakupirira bwino.

Inu amene abale anu ali ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, komwe nyumba n'zothithikana, gulani yomwaza ngati ya kuno. Mukawapatsa yoponya patali adzaunika m'bafa la aneba, mlandu n'kukafika kwa amfumu.

Mwina mukuti, bwanji osangogula ija yokoka mutu, yomwe imachita zonse ziwiri? Ndaigwiritsapo ntchito. Mukaikoka kuti ifike patali, kuwala kwambiri kumatsakamira mkati mwa mutu, kunja n'kutuluka kabokosi kofooka. Mutu wosunthawo umalowetsanso fumbi ndi madzi, ndipo dzinja limodzi la kwathu limaimaliza.

Za batire musachite nazo chibwana. Zambiri zimalowa la 18650, ndipo lenileni labwino limathera cha m'ma 3,500 mAh. Mukaona lolembedwa 9,900 mAh, dziwani kuti ndi bodza, libwezeni pashelefu. Tochi yaing'ono yolembedwa ma lumen 100,000 nayonso chimodzimodzi. Ngakhale yeniyeni, mphamvu yake ya pamwamba imakhala mphindi zochepa, ikatentha imadzitsitsa yokha. Kuno timatchaja tsiku ndi tsiku osaganizako, koma kumudzi kopanda magetsi kutchaja n'kulipira pa tredingi senta. Sankhani yotchajira pa USB, muikemonso kasola kakang'ono m'katundumo. Batani likhale losavuta, osati loti gogo adine kasanu kudutsa zothwanimathwanima asanapeze kuwala. Ndipo muwauze ana kuti imeneyi si yogwirira ngumbi.

Ndalama zikalola, ntchito yomwaza kuwala isiyireni nyale ya sola yoyaka yokha ikamva kuyenda. Aikhomere pamwamba, iyang'ane kukhola, osati kukhonde komwe eni nyumba amaima. Tochi ya m'manja ikhale yoonera patali.

Musanapite kukagula Loweruka likubwerali, imbani kumudzi. Mwana mmodzi awerenge mapazi kuchoka pakhonde kukafika pakhola, akuuzeni nambala, ndipo ndi imeneyo mupite nayo kushopu.