Muchenga suziba mutengo wa Prado

Imililani pa roundabout ya ku Woodlands kuseni, mubelenge mamotoka yakulu yamene yapita. Prado, Land Cruiser, Hilux, Ranger, Fortuner, Pajero, yonse yobeneka, matayala yopaka polishi. Manje funsani bamene bayendesa kuti ka giya kang'ono kaja kali pambali pa giya ikulu, olo ka batani kolembewa 4L, banakagwilapo liti. Bambili bazaseka chabe. Phili ikulu yamene motoka ija inakwelapo chibwelele muno ni hump ya mu Kabulonga na pavement ya pa Manda Hill.

Sinikamba ivi chifukwa cha jelasi, olo kuti ine nikwela basi ya ku Chelstone masiku yonse. Nikamba chifukwa pa holiday ya Heroes na Unity, Monday yoyamba mu July na Tuesday yokonkapo, na pa Independence ya 24 October, mamotoka aya yamachoka mu town kuyenda ku manzi. Zambia ilibe nyanja ya muchele, koma beach tili nayo. Siavonga ili pafupifupi makilomita 200 kuchoka mu Lusaka, mwapita Kafue, mwakhota mukalibe kufika ku Chirundu. Samfya ili kutali ku Luapula, pa Lake Bangweulu, kwamene muchenga ni woyela monga unga wa breakfast. Munthu akauona chabe muchenga uja, mutima umuuza ati ngenesa motoka mpaka pa manzi, tikope chithunzi cha pa Facebook.

Ndipo kambili wamene ali pa steering si mwine wake. Ndimwe ba driver, bamene bwana akuuzani ati tipelekeni na banja. Ndimwe banyamata ba ku Kabwata bamene mwasonkha basanu na kuhaya Hilux masiku yabili, deposit mwasiya. Ndimwe bamene mwabweleka motoka ya ba uncle na kulonjeza kuti izabwela ilibe na scratch. Klachi ikapya mu muchenga, bwana sazakamba ati ndine ninakuuza ungene. Azakamba ati suziba kuyendesa.

Nchito yanga ni kukonka boimba kwamene bayenda, so ninaonapo na maso. Chaka china tinayenda ku Siavonga na gulu ya woimba wina kukashuta video. Director anafuna kuti Hilux yohaya iimilile pafupi na manzi, woimba ankhale pa bonnet, zuba ikungena kumbuyo kwake. Driver anachoka pa nthaka yolimba, motoka inayenda pang'ono, yayamba kulema. Iye waponda mafuta. Yalema futi, waponda maningi. Mawilo yanakumba monga galu afuna fupa mpaka mimba ya motoka inankhala pansi. Klachi inayamba kununkha monga nsima yopselela. Ma dancer banayi, make-up ili kumaso, banayesa kupusha, chamene banapezapo ni muchenga mu wig.

Kunabwela mudala wina wa kapenta, nsapato alibe. Sanakambe vambili. Anagwada pa tayala, watenga kamutengo ka machisa, wafaka pa valve, mphepo yayamba kuchoka. Driver anafuna kumugwila kwanja. "Mudala, mufuna kutiponchesa? Motoka si yanga iyi." Mudala ati, "Mwana wanga, leka. Bwelesa fosholo." Banachosa mphepo ku matayala yonse yanayi, bakumba kumbuyo kwa mawilo na pansi pa motoka, mudala wauza driver afake 4L na reverse, asaponde, aileke iyende yeka. Inachoka monga palibe chinachitika. Zuba inali yangena kale, video banashuta mailo yake, motoka ili pa nthaka yolimba.

Chamene mudala anachita chili na nzelu yosavuta. Funsani ba sisi bamene banayendapo pa kitchen party ya pa udzu na ma high heel. Nsapato yosongoka imangena pansi, patapata imayenda pamwamba. Tayala yozula mphepo ni high heel, igwila pansi na kamalo kang'ono, so kulema konse kwa motoka kupondela pamene apo. Mukachosako mphepo, tayala igona, malo yogwila pansi yatalimpha, motoka iyenda pamwamba pa muchenga m'malo mokumba. Pa tala mamotoka aya yayenda na 2.2 kufika 2.5 bar. Mu muchenga sikani kufika 1.5, ndipo ngati ni wofewa maningi mungafike 1.2. Koma ngati mwalonga banthu seveni na ma cooler box, musasike maningi, chifukwa tayala ingachoke pa rimu. Kuchosa mphepo kufunika mukalibe kungena, osati pamene mwatitimila kale. Ka gauge kopimila mphepo na pampu yolumikiza ku batile vipezeka mu mashopu ya spare mu town, ndipo mutengo wake siufika na pafupi pa mutengo wa klachi.

Mufunika kuziba futi motoka yamene muli nayo, chifukwa chikwangwani cha kumbuyo chimanamiza. Hilux na Ranger zambili pa museu ziyenda na mawilo yabili ya kumbuyo chabe, mpaka imwe mufake 4H olo 4L. Prado iyenda na yonse yanayi nthawi zonse, koma mu muchenga mufunika kukhoma diff ya pakati. Land Cruiser zakale zija za ma NGO zina zili na ma hub ku mawilo ya kusogolo yamene mufunika kusika na kupotola na kwanja, apo ayi giya ikamba ati 4 koma yodonsa ni yabili. Kufaka 4L, imililani, fakani neutral, ndiye muchinje. Ngati motoka ili na traction control, izimyeni, chifukwa ikamva wilo yatelela imachepesa mphamvu pa nthawi yamene muifuna. Nanga Harrier, X-Trail na RAV4? Ni mamotoka yabwino ya ku Arcades. 4L yalibe, mimba ili pansi, ndipo yambili yanabwela kuchoka ku Japan yodonsa na mawilo yabili chabe. Yasiyeni pa car park, muyende na mendo.

Kuyendesa kwake nakwene kusiyana na kwa mu Cairo Road, kwamene munthu aponda mafuta, buleki, huta, mafuta futi. Muchenga ufuna phazi imodzimodzi. Nyamukani pang'onopang'ono, mukagwila liwilo musaileke, musachinje giya pakati pa malo yofewa chifukwa mukaponda klachi motoka iima pamene apo. Konkani njila yamene motoka ina inapitamo, muja muchenga unapondewa kale. Kukhota, khotani patali monga basi ikulu. Kuima, chosani chabe phazi pa mafuta, izaima yeka. Mukaponda buleki mwamphamvu mwazipangila kachulu kusogolo kwa tayala iliyonse. Kuseni muchenga umankhala wozizila na wolimbako, koma zuba ikakwela uuma na kumasuka, so malo yamene munapita bwino 07:00 yangakugwileni 14:00. Mukamva kuti yalema ndipo mawilo yazungulila pamalo yamodzi, chosani phazi apo pamene. Ulemu wanu pamaso pa ba chikondi si wodula kuchila gearbox.

Ku Kariba kuli musampha wina. Mukumbukila 2024, pamene chilala chinasikisa manzi ya mu damu, ise muno tinali kuchajisa mafoni ku nchito chifukwa cha load shedding. Manzi yakabwelela kumbuyo so, yasiya malo yooneka youma pamwamba, pansi pali matope. Apo olo muchose mphepo yonse, motoka imila chabe. Ndipo kukumba motoka usiku m'mbali mwa Kariba si masobela, muja muli ng'ona na mvuu.

Chinthu chimodzi nikupemphani na mutima wonse. Motoka ina ikabwela kukudonsani, musamange nthambo pa kampila kaja ka chisulo kodonsela trailer. Sikanapangiwe kugwedezewa mwamphamvu. Kakathyoka kamauluka monga chipolopolo, ndipo kumaiko yena kanapayapo banthu. Mangani pa malo yake yodonsela yamene yali pa chassis, banthu bonse bayime kutali, makamaka bana, bamene pa beach bamathamangila kulikonse kwamene kuli chongo. Wamene wamwa asagwile steering, olo akambe ati apa si pa museu palibe ba traffic.

Ngati mufuna kuona akatswili ba vinthu ivi, si ku Kabulonga. Ni ku Western Province, pafupifupi makilomita 600 kuchoka mu Lusaka, kupita mu Kafue National Park na Kaoma. Kuja muchenga wa Kalahari ndiye nthaka yake, si wa holiday. Bamene munayendako ku Kuomboka, kukaona Litunga achoka ku Lealui kuyenda ku Limulunga mu Nalikwanda, muziba kuti ukachoka chabe pa tala mu Mongu, phazi imila. Museu wa Mongu-Kalabo unaseguliwa mu 2016, koma ukaoloka Luanginga kuyenda ku Liuwa Plain tala yasila. Paki ija, yamene African Parks iyendesa kuchokela 2003, ni kwamene nyumbu zimasonkhana zambilimbili cha mu November, ndipo siungangene na motoka ya mawilo yabili. Ma driver bakuja bamanyamula mafuta yapadela chifukwa muchenga umamwa diesel kuchila tala, ndipo bamaimilila kuchosa udzu wouma pansi pa motoka na ku radiator, kaili udzu ukagwila pa exhaust yopya ungayake.

Ba uncle banga bena banasebenza zaka zambili kuja, kupeleka mankhwala ku ma clinic ya kutali. Sukulu sibanafike nayo patali, koma bakapita pa tchuthi ofesi inali kuvutika kupeza munthu wofaka pa motoka ija. Nimabaganizila nikaona banyamata ba mu komboni bali na licence mu thumba, balimbilana ma trip ya Yango pakati pa East Park na Chelstone. Oyendesa pa tala muno bapaka. Boziba kufikisa Land Cruiser yolonga kwamene kulibe museu, na kuibweza klachi ikali yamoyo, si bambili, ndipo ma NGO, ma lodge na ba ma campaign ni bamene bamabasakila. Ngati mu yard mwanu muli mudala wamene anayendesapo ku Kalabo olo ku Shang'ombo, mugulileni drink akuphunziseni, osati kumuseka ati wakalamba.

Pobwelela, musaibale mphepo yamene munachosa. Tayala ya 1.2 pa tala, pa liwilo, imapya mukati mpaka kuphulika, ndipo njila yochoka ku Siavonga ili na mapili na makona. Pampani mukalibe kukwela pa tala, olo yendani pang'onopang'ono mpaka pa filling station yoyamba. Chosani 4H na 4L, segulani diff, chifukwa pa museu wolimba vimamanga motoka na kudya matayala. Mukafika mu town mukalibe kubweza makiyi, pitani pa car wash, muuze banyamata bathile manzi pansi na mu mabuleki, bagugude na air filter. Bamene bahayisa mamotoka bamayamba kuyang'ana kwamene uko bakalibe kukubwezelani deposit.