PlayStation yopyapyala pa Liwaladzi: n'chiyani chomwe munthu amagula?

Anyamata amene anakulira pa Liwaladzi m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, kuphatikizapo wolemba nkhani ino, anaidziwira TV mu vidiyo sho: kanyumba kamdima, mabenchi a matabwa, jenereta ikubangula kuseri. Magemu anafika mochedwa, ndipo ambiri sanagulidwe m'sitolo. Ankatuluka m'zikwama za obwera ku Joni, pamodzi ndi mabulangete ndi mawailesi. Imene inatenga malo inali PlayStation 2, yomwe kampani ya Sony inatulutsa mu 2000 ndipo inagulitsa zoposa 155 miliyoni padziko lonse.

Mu 2004 kunabwera PS2 ina yopyapyala, yoti munthu n'kuipanira m'khwapa ngati buku. Zakhala choncho mpaka lero: makina akatha zaka zitatu kapena zinayi, amatulutsa ena ochepa thupi, osasokosa kwambiri, omwe anthu amangoti Slim. PS3 ya 2006 inachepetsedwa mu 2009, PS4 ya 2013 mu 2016, PS5 ya 2020 kumapeto kwa 2023. Microsoft nayo mu 2010 inatulutsa Xbox 360 S n'kumaichemerera kuti ndi yachete. Inali ndi chifukwa chake, poti Xbox 360 yoyamba inkatentha mpaka kufa, timagetsi tofiira titayaka kutsogolo, ndipo mu 2007 kampaniyo inapatula ndalama zoposa madola 1 biliyoni zokonzera makina a anthu.

Ku Ulaya wogula amafunsa ngati makinawo akwane pansi pa TV, kapena ngati fani yake idzutse mwana usiku. Mafunso amenewo pa Liwaladzi ndi oseketsa. Nyumba ya magemu imakhala m'mbali mwa msewu wa M5, pomwe mathiraki a ku Dwangwa amadutsa, chigayo chikulira, sipika ya wometa ikugunda, anyamata khumi akukuwa chifukwa wina wachinya pa mphindi ya 90. Fani angaimve ndani?

Amaimva mwini bizinesi, ndipo akaimva mtima umakhala m'mwamba. Fani ikayamba kulira mokweza ndiye kuti m'kati mwadzaza fumbi ndipo makina akulephera kupuma. Mu October ndi November, pansi pa denga lamalata, kuno kunyanja kumatentha moti ngakhale munthu wongokhala amachita thukuta. Nkhungu zikatera kuchokera panyanja zimathamangira kuwala kwa TV, zina n'kumakokedwa ndi mpweya kulowa m'timabowo. Mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa m'katimo. Amisiri okonza mafoni, omwe ndi omwenso amakonza magemu, akatsegula makina otere amayamba ndi kaburashi ndi mpope wa njinga asanagwire waya aliyense. Choncho kusasokosa kuli ndi phindu lake, koma si la makutu: makina achete ndi amene sakutentha, ndipo osatentha amakhalitsa.

Phindu lalikulu lili pa magetsi. PS3 yoyamba, yonenepa ija, inkadya pafupifupi mawati 200 ikamasewera. Sony potulutsa Slim mu 2009 inati yachepetsa kudya magetsi ndi 34 peresenti. Kwa munthu wa ku London zimenezo ndi tindalama tochepa pa bilu. Kwa amene akuyendetsa TV ndi gemu pa batire la sola ndi inveta, ndiye kusiyana kwa kutseka dzuwa likangolowa ndi kufika pamene anyamata a kudoko abwera ndi ndalama za usipa. Ngakhale amene ali pa mawaya a ESCOM anaphunzira mu January 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130. Magetsi anali kuzimazima mpaka chaka chotsatira, ndipo batire linasanduka mwini bizinesi weniweni.

PS2 Slim yoyambirira inalinso ndi nzeru ina yomwe mwina opanga sanaiganizire. Adaputa yake inali yakunja, ya mavoti 8.5. Magetsi akabwera mwamphamvu kawirikawiri imapsa ndi adaputayo, munthu n'kugula ina, makina ali bwinobwino. Vuto lake linali lenzi yowerengera madisiki, yomwe inkatopa msanga ndi fumbi, koma anyamata anapeza njira: memori khadi yokonzedwa mwapadera ndi fulashi, magemu onse n'kumachokera m'menemo. Ndiye chifukwa chake makina amene Sony inasiya kupanga kumayambiriro kwa 2013 akumvekabe m'matauni ang'onoang'ono. Ndipo kuchepa thupi kumathandiza madzulo: mwini amangoiponya m'jumbo n'kupita nayo kunyumba, akuba n'kupeza mabenchi okha.

Nkhani imasintha ikafika pa PS5 yaing'ono. Thupi analichepetsa ndi 30 peresenti ndi kupitirira pang'ono, koma ikamasewera imadyabe mawati oyandikira 200. Inatuluka mu November 2023 pa mtengo wa madola 499, mwezi womwewo umene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ikafika imafunanso intaneti kuti ikokere zowonjezera za magigabaiti ambirimbiri, pa bandulo ya Airtel kapena TNM. Wolemba nkhani ino saona mmene tindalama ta gemu imodziimodzi tingabwezere zonsezo, kupatula kwa amene ali ndi mchimwene wake ku Johannesburg wofuna kuonetsa kuti zikuyenda.

Palinso mdani amene kale kunalibe. Mnyamata amene ankadikira pamzere kuti agwire padi, akuchonderera kuti "Achimwene, kamodzi kokha, ndalama mawa," lero ali ndi Dream League Soccer pa Itel kapena Tecno yake. Foniyo ilibe fani, imatchajidwa pa kasola kakang'ono, ndipo salipira aliyense. Chimene sichikwana m'foni ndi gulu la oonerera lija, ndi chipongwe chomwe wogonja amayenda nacho mpaka kumsika. Anthu amalipirabe chimenecho.

Amene akufuna kutsegula malo otere lero, PS3 Slim kapena PS4 Slim yakaunjika ndiyo yomuyenera. Asanapereke ndalama aiyatse isewere mpira kwa ola lathunthu, aike dzanja kumbuyo komwe kumatulukira mpweya, ndipo afunse ngati mapadi ndi enieni, chifukwa achinyengo sachedwa kuyamba kuthamangitsa wosewera kumanzere munthu asanakhudze chilichonse.