Makina ayeza tsamba, nanga wosaona wafunsidwa?

Uthenga wambiri umene kale tinkausindikiza pa mapepala n'kuukhoma pa mitengo ya m'misika tsopano ukuikidwa pa intaneti. Mitengo ya mbewu, masiku a katemera wa ziweto, mafomu ofunsira ngongole za m'magulu, ngakhale mwayi wa ntchito, zonsezi munthu akuuzidwa kuti akazione pa foni. Ine ndimagwira ntchito yofalitsa nkhani ku bungwe lina lomwe si la boma mumzinda wa Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yanga ndi kusankha mawu ndi zithunzi zopita pa tsamba la bungwe lathu. Chifikireni chingwe cha intaneti cha SEACOM pa gombe la mzinda uno mu 2009, zinthu zathamanga ndithu. Koma pali funso limene limandisowetsa mtendere. Kodi mlimi wosaona, kapena mayi wachialubino amene maso ake amavutika ndi zilembo zazing'ono, uthengawu ukumufika?

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti munthu wosaona amagwiritsa ntchito foni yamakono ndi kompyuta. Amatero mothandizidwa ndi pulogalamu imene imawerenga mokweza zonse zolembedwa pa galasi. M'mafoni a Android muli TalkBack, m'mafoni a Apple muli VoiceOver, ndipo pa kompyuta ambiri amadalira NVDA, pulogalamu yaulere imene inayamba mu 2006 ndipo inakula m'manja mwa anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Pulogalamu yotereyi imadalira kwambiri zimene mmisiri wa tsambalo analemba kuseri kwake. Ngati anaika chithunzi popanda mawu ochifotokoza, wosaonayo amangomva kuti pali chithunzi, basi. Ngati anaika mabatani atatu opanda mayina, amamva liwu limodzimodzi katatu, osadziwa kuti lotumizira ndalama ndi liti, lofufutira ndi liti.

Malamulo alipo. Pangano la bungwe la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali, limene linakhazikitsidwa mu 2006, limanena m'ndime 9 kuti anthuwa azitha kupeza uthenga ndi njira zamakono zolumikizirana, kuphatikizapo intaneti. Tanzania ndi Malawi onse anavomereza panganoli mu 2009. Tanzania inakhazikitsa lamulo lake la anthu aulumali mu 2010, Malawi mu 2012, ndipo mu 2024 Malawi inabweretsa lina latsopano. Komabe lamulo silimuuza mmisiri kuti zilembo zikhale zamtundu wanji. Zimenezo zili m'ndondomeko yotchedwa WCAG, yolembedwa ndi bungwe la W3C limene limakonza miyezo ya masamba a pa intaneti. Inatuluka koyamba mu 1999, n'kukonzedwanso mu 2008, 2018 ndi 2023. Mwa zina imanena kuti zilembo wamba zisiyane ndi mtundu wa pamene zalembedwapo pa mlingo wosachepera 4.5 kwa 1. Zilembo zotuwa pa malo oyera zimaoneka zokongola mu ofesi, koma kwa agogo amene ng'ala yayamba kuwaphimba maso, kapena kwa aliyense amene akuwerenga foni padzuwa la masana kumunda, ndi chimodzimodzi tsamba lopanda kanthu.

Ndondomekoyi ndi yaitali, ndipo palibe mmisiri amene angaikumbukire yonse. N'chifukwa chake panabwera zida zoyezera masamba zimene zimagwira ntchito pazokha. Zodziwika kwambiri ndi WAVE ya bungwe la WebAIM la ku Utah State University ku America, axe ya kampani ya Deque Systems, ndi Lighthouse ya Google, imene imapezeka kale mu Chrome ndipo imapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100. Zonsezi munthu atha kuyamba kuzigwiritsa ntchito osalipira. Amisiri ochenjera samadikira kuti tsamba lithe. Amachimangirira chidacho m'kati mwa ntchito yawo, kotero kuti nthawi iliyonse wina akasintha kanthu, makina amayeza tsamba lonse kusinthako kusanafike kwa anthu. Akapeza chithunzi chopanda mawu kapena bokosi la fomu lopanda dzina, amakana kuti ntchitoyo idutse mpaka ikonzedwe. Umu ndi mmene mmisiri amene amasamalira tsamba lathu anakonzera, ndipo ine ndikaika nkhani ya alimi a mpunga, makinawo amandiyankha tiyi asanazizire.

Zida zimenezi ndimaziyamikira, ndipo sindigwirizana ndi amene amazinyoza. Kuyambira mu 2019 bungwe la WebAIM limayeza chaka ndi chaka masamba oyambirira okwana 1 miliyoni omwe anthu amawatsegula kwambiri pa dziko lonse. Mu 2024 linapeza kuti pafupifupi masamba 96 mwa 100 aliwonse anali ndi zolakwa zimene makina atha kuziona. Zochuluka zinali zomwezi: zilembo zosaoneka bwino, zithunzi zopanda mawu, mafomu ndi mabatani opanda mayina. Ngati makampani olemera akulephera pa zinthu zing'onozing'ono chonchi, bungwe la antchito khumi lomwe lili ku Kinondoni kapena ku Area 47 lingapindule kwambiri ndi mlonda amene satopa ndiponso safuna malipiro.

Koma mlimi aliyense amene anagulitsapo chimanga akudziwa kachipangizo koyezera chinyezi. Kamanena zoona pa nkhani ya chinyezi, ndipo palibe amene angakatsutse. Za anankafumbwe amene ali pansi pa thumba, kapena mchenga umene wina wathiramo, sikanenapo kanthu. Zida zoyezera masamba zilinso chimodzimodzi. Mu 2017 nthambi ya boma la Britain yoona za ntchito za pa intaneti, Government Digital Service, inapanga dala tsamba lodzaza ndi zopinga zoposa 140, n'kuliyeza ndi zida zosiyanasiyana. Palibe ngakhale chimodzi chimene chinapeza theka la zopingazo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makina atha kuona kuti pansi pa chithunzi pali mawu, koma sangaweruze ngati mawuwo ali ndi phindu. Chithunzi chosonyeza tsamba la chinangwa logwidwa ndi matenda, wina n'kulembapo kuti "chithunzi chachinayi", chimadutsa bwinobwino, pamene mlimi wosaona amafunika kumva kuti masamba achita mawanga achikasu ndipo akwinyika. Palinso nkhani ya chinenero, imene imatikhudza kwambiri ife a kuno. Tsamba lililonse limayenera kukhala ndi kachizindikiro kobisika kouza pulogalamu yowerenga kuti ichi ndi chinenero chanji: sw ndi Chiswahili, ny ndi Chichewa, en ndi Chingerezi. Zida zambiri zimangoyang'ana ngati kachizindikiroko kalipo. Tsamba lolembedwa m'Chiswahili koma lonyamula chizindikiro cha Chingerezi limakhoza mayeso, kenako pulogalamu ija imatchula mawu a Chiswahili ndi lilime lachingerezi, moti womvera amangomva phokoso. Nanga chiganizo chotalika ngati msewu wa Morogoro, chodzaza ndi mawu a m'malipoti opita kwa opereka thandizo? Makina sachidandaula, ngakhale wapampando wa kalabu ya alimi atachiwerenga katatu osatolapo kanthu.

Ndinaziona ndi maso pa maphunziro ena amene mabungwe angapo tinakonza mumzinda uno. Mmodzi mwa ophunzitsa anali bambo wosaona, mphunzitsi wa zaka zambiri. Bungwe lina linabwera monyadira ndi tsamba lake lofunsira thandizo la zipangizo zaulimi, limene makina analipatsa malikisi apamwamba. Bambowo anatenga foni yawo, naika kachingwe kukhutu, nayamba kudzaza fomu. Dzina linalowa, mudzi unalowa, nambala ya chiphaso inalowa. Kumapeto tsamba linawapempha kuti atsimikize kuti ndi munthu posankha zithunzi zimene muli mabasi. Anaima. Anafufuza njira yomvera m'malo moona, osaipeza. Kenako anatembenukira kwa mtsikana amene anakhala pafupi nawo, nati, "Mwanangu, tandisankhireko mabasiwa." M'chipindamo munangoti zii. Foni imene anapereka ija inali ndi zonse zimene anali atalemba. Iwo anatiuza mosakwiya kuti umu ndi mmene amakhalira masiku onse, ndipo kuti anzawo ambiri amafika popereka ngakhale nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni kwa mwana wa mnansi, chifukwa palibe njira ina. Aliyense amene amagwiritsa ntchito M-Pesa kuno, kapena Mpamba ndi Airtel Money kwathu, akudziwa kulemera kwa mawu amenewa.

Kumene kuli vuto sikusowa ogulitsa mankhwala. Pali makampani amene amalonjeza kuti mukangoika kachidutswa kawo pa tsamba lanu, zonse zikonzeka zokha. Mu 2025 bungwe loteteza ogula ku America, Federal Trade Commission, linalamula kampani ya accessiBe kulipira 1 miliyoni ya madola chifukwa cha malonjezo osocheretsa a mtundu umenewu. Mabungwe athu, amene ndalama zawo ndi zowerengeka, achenjere wina akabwera ndi nkhani yokoma chotere.

Inu alangizi ndi ogwira ntchito m'midzi mwina simudzalembapo tsamba la pa intaneti, koma ndinu amene mumauzidwa kuti mukauze anthu akalembetse pa foni. Muli ndi ufulu wofunsa ku likulu: kodi fomu imeneyi munthu wosaona waiyesapo? Kodi kanemayu ali ndi mawu olembedwa kapena womasulira m'chinenero chamanja? Akakuyankhani ndi malikisi a makina, funsaninso. Oyesa sasowa. Kuno kuli Tanzania League of the Blind, CHAVITA ya anthu osamva, ndi SHIVYAWATA imene imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali. Ku Malawi kuli FEDOMA ndi Malawi Union of the Blind. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi, ndipo ambiri mwa iwo atha kukuuzani m'mphindi imodzi ngati zilembo zanu zikuwerengeka. Chimodzi chokha ndikupempha: akabwera kudzayesa, alipidwe monga akatswiri. Botolo la zakumwa ndi ndalama ya daladala si malipiro a ntchito imene mmisiri woona akanailipiritsa ndalama zambiri.

Ku ofesi kwathu makina amayeza tsamba pa kusintha kulikonse, ndipo anthu aulumali amabwera kudzaliyesa tikamatulutsa fomu yatsopano. Chimene chatsala pa tebulo langa ndi mulu wa timabuku ta ulimi ta zaka zakale, timene tinajambulidwa ndi makina n'kuikidwa pa intaneti ngati zithunzi. Chida choyezera chimangoona kuti ulalo wopita ku kabuku uli ndi dzina, n'kudutsa. Pulogalamu yowerenga ikatsegula kabukuko sipezamo liwu ndi limodzi lomwe. Timabukuto tiyenera kulembedwanso, kamodzikamodzi, ndipo ndayamba ndi ka kasungidwe ka chimanga, chifukwa ndi kamene alangizi amakafunsa kwambiri nyengo yokolola ikayandikira.