Mtengo wa Mawu

Phunziro loyamba limene mphunzitsi wina wa sayansi ya ziyankhulo amapereka kwa ophunzira atsopano silisintha chaka ndi chaka. Amalemba mawu akuti "mtengo" kawiri pa bolodi, kenaka n'kupempha mmodzi kuti awerenge. Amene anayamwira Chichewa savutika: akakweza liwu pa "te" ndiye kuti akunena chomera chopereka mthunzi ndi nkhuni, koma akatchula mawu onsewo motsitsa ndiye kuti akunena ndalama zimene wogulitsa akufuna. Zilembo n'zofanana, chosiyanitsa ndi kamvekedwe. Kwa zaka zoposa 20 iye ankaona chitsanzochi ngati chida chophunzitsira basi, kufikira tsiku limene mayi wina anagogoda pa ofesi yake, pepala lili m'manja, kumayambiriro kwa chaka cha 2024.

Mayiyo anali mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza, ndipo ankachita maphunziro a digiri yachiwiri pa nthawi ya tchuthi, akudzilipirira yekha. Kafukufuku wake anali wokhudza kamvekedwe ka aneni m'Chichewa cha kwawo. Papepalapo panali mayina a mabuku 12 amene mphunzitsiyo anamulembera kuti awerenge, koma ochongedwa anali atatu okha.

"Aphunzitsi, atatuwa ndi amene ndawapeza ku laibulale," anatero atakhala pansi. "Enawa ndawaona pa intaneti, koma mtengo wake uli m'mapaundi. Ndawerengetsera limodzi lokha, ndapeza kuti ndikaligula ndiye kuti ana anga sapita kusukulu teremu ino."

Mphunzitsiyo sanadabwe. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero kuti buku lililonse lochokera kunja linakwera mtengo usiku umodzi, pamene malipiro a aphunzitsi anali pomwepo. Anakumbukiranso kuti iye mwini, pobwerera kuchokera ku maphunziro ake kunja m'zaka za m'ma 1990, katundu wake wolemera koposa anali makatoni a mafotokope, chifukwa ankadziwa kuti kumudzi mabukuwo sakawapezanso. Ndipo ngakhale kumene mabuku alipo, pepala silikhala muyaya: mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya yunivesite ya Mzuzu pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000.

"Sendezani mpando kuno, mayi," anatero akutembenuza kompyuta. "Pakati pa kugula ndi kusowa pali njira zina."

Anayamba ndi mabuku amene nthawi ya umwini wake inatha. Lamulo limateteza cholemba cha munthu kwa nthawi yoikika, ndipo nthawiyo ikadutsa cholembacho chimasanduka cha aliyense. M'Malawi, malinga ndi lamulo la 2016, nthawiyo ndi moyo wonse wa mlembi kuwonjezerapo zaka 50. Ku America mabuku akale amamasuka pakatha zaka 95 chisindikizidwire. Pa mwayi umenewu ndi pamene panamangidwa nkhokwe ya Project Gutenberg, imene Michael Hart anaiyambitsa mu 1971 pa yunivesite ya Illinois, ndipo tsopano ili ndi mabuku oposa 70,000, ambiri mwa iwo a Chingerezi. Mmenemo mayiyo akanapeza mabuku a maulendo a David Livingstone, koma pa za chiyankhulo chake nkhokwe yothandiza kwambiri inali ya Internet Archive, yoyambitsidwa ndi Brewster Kahle mu 1996 ku San Francisco, imene imajambula mabuku akale tsamba ndi tsamba kuchokera m'malaibulale osiyanasiyana.

Anamuchenjeza chinthu chimodzi. Buku lojambulidwa ndi lolemera ndipo limadya bandulo ya intaneti. Mtundu wopepuka, umene makina amawerenga zilembo n'kuzilembanso, umasokoneza mawu a Chinyanja chifukwa makinawo anazolowera Chingerezi. Wofufuza za mawu ayenera kuona tsamba lenilenilo ndi maso ake. Choncho mayiyo anayamba kugula bandulo ya usiku, yotsikirapo mtengo, ndipo ankatsitsa mabuku pa foni ana atagona, n'kumakonzekera maphunziro a mawa lake uku akudikira.

Patatha milungu itatu anabweranso, nkhope ikuwala. Anali atapeza mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott, mmishonale wa ku Blantyre, wosindikizidwa ku Edinburgh mu 1892, umene Alexander Hetherwick anaukonzanso mu 1929. Koma limene linamusowetsa tulo linali buku lina lakale kuposa pamenepo, *Dictionary of the Kiniassa Language*, la Johannes Rebmann, lotuluka mu 1877, patatha chaka mwini wake atamwalira. Rebmann anali Mjeremani wogwira ntchito ya mishoni pafupi ndi Mombasa, ndipo m'dziko la Achewa sanapondemo phazi. Mawu onsewo anawamva kwa munthu mmodzi, Salimini, amene anakumana naye mu 1853. Salimini anagwidwa ukapolo kudera la chigawo chapakati cha Malawi wa lero, natengedwa mpaka kugombe la nyanja ya mchere. Ngakhale dzina la chiyankhulocho pa chikuto likuchitira umboni za ulendowo, popeza "Ki-" ndi mphatikiram'mbuyo wa Chiswahili, pamene eni ake akanati "Chi-". Ali kutali choncho, Salimini ankakumbukirabe kusiyana kwa mayankhulidwe a kwawo ndi a Amaravi a kummwera, monga kuti mtengo umene iye ankautcha kamphoni iwo ankautcha mombo.

"Ndinawerenga mpaka tambala woyamba," anatero mayiyo. "Mawu ena ndinawamva komaliza kwa agogo anga. Munthu ameneyu anamulanda mudzi, abale, ngakhale ufulu, koma chiyankhulo anapita nacho. Ndiye mawu akewo abwerera kwawo pa foni yanga, popanda kulipira ndi tambala yomwe."

Anakhala chete pang'ono, kenaka anawonjezera: "Komatu aphunzitsi, aulerewa ndi a anthu akufa okhaokha. Kodi wondiyesa mayeso adzavomera kafukufuku wa kamvekedwe wotsamira pa buku la 1892?"

Funsoli linali loona, ndipo ndi pamene pagona vuto la wophunzira ziyankhulo za mu Africa. Zimene zili zaulere zokhudza chiyankhulo chake kawirikawiri ndi zakale, zolembedwa ndi alendo amene makutu awo sankagwira bwino kukwera ndi kutsika kwa liwu. Zatsopano, kuphatikizapo zolembedwa ndi ana a dziko lomwelo, zimasindikizidwa kunja ndi kugulitsidwa m'ndalama zakunja. Wofufuza kamvekedwe ka Chichewa sangalambalale galamala ya Mark Hanna Watkins ya 1937, yolembedwa ku Chicago mothandizidwa ndi wophunzira wina wochokera ku Kasungu, Kamuzu Banda. Sangalambalalenso *The Syntax of Chichewa* la Sam Mchombo la 2004, kapena *The Phonology of Chichewa* la Laura Downing ndi Al Mtenje la 2017. Amapezeka kuti akudziwa bwino zimene zinanenedwa za chiyankhulo chake zaka 130 zapitazo, koma zimene zikukambidwa lero akungozimvera kunja kwa mpanda.

Mphunzitsiyo anamuonetsa njira yachiwiri: mabuku a anthu amoyo amene amatuluka ali omasuka kale. Ganizoli linalimbikitsidwa ndi mgwirizano wa ku Budapest wa 2002, wakuti zotsatira za kafukufuku zizifikira aliyense popanda kulipira. Kuyambira 2012 pali kaundula wotchedwa Directory of Open Access Books, wosonkhanitsa mabuku a maphunziro otere kuchokera kwa osindikiza ambiri. Kwa anthu a ziyankhulo, chitsime chozama ndi Language Science Press ya ku Berlin, imene Stefan Müller ndi Martin Haspelmath anaiyambitsa mu 2014, ndipo ili ndi mndandanda wapadera wa mabuku a ziyankhulo za mu Africa. Ku Cape Town kuli African Minds, yosindikiza momasuka mabuku okhudza maphunziro ndi chitukuko. Mabuku amenewa sagwa kumwamba ayi: amaunikidwa ndi akatswiri monga ena onse, ndipo ndalama zowakonzera zimachokera ku mayunivesite ndi malaibulale amene amasonkherana, kuti wowerenga asalipire.

Anamutumanso kwa woyang'anira laibulale, pakuti safunsa anadya phula. Malaibulale a m'Malawi anagwirizana mu 2003 kupanga bungwe la MALICO kuti azigulira pamodzi mwayi wowerenga zolemba za pa intaneti, ndipo kudzera mu ndondomeko ya Research4Life, mabungwe a maphunziro a m'mayiko osauka amapeza magazini ndi mabuku ambiri a kafukufuku kwaulere. Ophunzira ambiri amatsiriza digiri osadziwa kuti chinsinsi cholowera m'nkhokwe zimenezi chinali pa tebulo la munthu amene ankamudutsa tsiku ndi tsiku. Mwa njira ziwirizi mayiyo anachonga mabuku ena anayi.

Buku lina analibwereka pa Internet Archive, imene inkabwereketsa mabuku ojambulidwa kwa munthu mmodzi pa nthawi, monga ichitira laibulale wamba. Atafuna kulibwerekanso anapeza kuti palibe. Makampani anayi osindikiza mabuku anali atasumira nkhokweyo mu 2020. Khoti linawakomera mu Malichi 2023, ndipo khoti la apilo linatsimikiza chigamulocho mu Seputembala 2024. Mabuku oposa 500,000 anachotsedwa pa mndandanda wobwereketsa. Mlandu woweruzidwa ku New York unatseka buku pamaso pa mphunzitsi wa ku Dedza, amene sanadziwe n'komwe kuti kunali mlandu.

Otsalawo anafunika ndalama ndithu, ndipo apa mphunzitsiyo anamuphunzitsa kudekha kwa munthu wozolowera msika. Osindikiza mabuku a maphunziro amatsitsa mitengo nthawi zina, makamaka kumapeto kwa chaka ndi pa misonkhano ya akatswiri. Buku lachikuto cholimba limatsatiridwa ndi lachikuto chofewa, lotsikirapo. Ena amagulitsa mutu umodzi pawokha. Ndipo kalata yaulemu yopita kwa mlembi mwini wake nthawi zambiri imayankhidwa ndi zolembazo, popeza alembi a maphunziro amafuna kuwerengedwa koposa kulemera. Mayiyo anadikira miyezi ingapo mpaka buku limodzi litatsika mtengo, koma khadi lake la kubanki linakana kulipira chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Anachita kupempha msuweni wake wa ku Johannesburg kuti amulipirire, iye n'kubweza makwacha kwa azakhali ake kumudzi. Atalilandira anazindikira chinthu china: bukulo linali lokhomedwa, lotseguka pa foni yake yokha. Buku lapepala limadutsa m'manja mwa anthu khumi mpaka chikuto kuthothoka. Ili, ngakhale analigula ndi thukuta lake, sakanatha kubwereka mnzake.

Tsiku limenelo ndi pamene anatchula za fulashi imene inkazungulira pakati pa anzake, yodzaza mabuku otengedwa mozembera lamulo. Mphunzitsiyo sanakalipe, chifukwa makatoni ake a mafotokope anali pakona pa ofesi yomweyo. Anangomuuza kuti pa fulashi yotere sipakhala mabuku a makampani olemera okha. Pamakhalanso a osindikiza ang'onoang'ono monga Kachere ya ku Zomba ndi Mzuni Press, amene amagulitsa mabuku awo kunja kudzera ku African Books Collective, ndipo phindu lawo ndi lochepa kale. Amenewa akagwa, mbiri ya Malawi adzaisindikiza ndani? Koma mumtima ankadziwa kuti yankho lakelo silinali lokwanira kwa munthu wosankha pakati pa buku ndi fizi ya mwana.

Papepala paja panatsala dzina limodzi losachongedwa, lachisanu ndi chinayi.

"Ili ndiye landikanika konse," anatero mayiyo, akuloza ndi cholembera. "Ndipo mutu umene munati ndiwerengemo munalemba ndinu. Kodi aphunzitsi, mawu anuwa munawagulitsa zingati?"

Sanawagulitse. Zaka zingapo m'mbuyomo anali atasainira pepala lopereka umwini wa mutuwo kwa osindikiza a kunja, mosangalala, popeza dzina la osindikizawo linali lofunika kuti akwezedwe pa ntchito. Malipiro ake anali buku limodzi, limene wina analibwereka osabweza. Zitsanzo zonse za m'mutuwo anazitola kwa amayi okalamba a kumidzi, amene anamupatsa mpando ndi thobwa, namubwerezera mawu amodzimodzi kasanu konse kuti amve bwino kamvekedwe. Iwo anapereka kwaulere, iye analemba kwaulere, koma mdzukulu wawo anafunika mapaundi kuti awerenge. Anaona kuti wakhala akudandaula za mpanda umene iye mwini anathandiza kuumanga.

Usiku umenewo anafunafuna pepala la mgwirizano lija, naliwerenga mofatsa kwa nthawi yoyamba. Anapeza kuti linkamulola kugawa zolemba zake zomaliza, zisanakonzedwe m'masamba a osindikiza, ndi kuziika m'nkhokwe ya pa intaneti ya yunivesite yake. Ufulu umenewu anali nawo zaka zonsezo, osaugwiritsa ntchito. M'mawa mwake anatumiza mutuwo kwa mayiyo, naika zolemba zake zina zisanu ndi ziwiri m'nkhokwemo. Buku limene ankalemba pa nthawiyo analipereka kwa osindikiza omasula mabuku, ngakhale anzake ena anamuchenjeza kuti dzina lawo silikhala lolemera pamaso pa komiti yokweza anthu pa ntchito. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika.

Mayi uja anatsiriza kafukufuku wake mu 2025. Atabweretsa buku lake lomaliza, mphunzitsiyo anaona zinthu ziwiri zimene malamulo a sukulu sanazifune. Kumapeto kunali chidule cha masamba anayi m'Chichewa, choti akawerengere anthu amene anamuthandiza. Kutsogolo, atapempha chilolezo chawo, analemba mayina a agogo onse 14 amene anawajambula mawu, aliyense ndi mudzi wake. Pamwamba pa mndandandawo anaikapo dzina la Salimini.